Zithunzi khumi ndi zinayi ndi chala chimodzi

Lolemba, 3 Marichi

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi lachisanu kuchokera pakhomo. Shuga 23 pofika. Dokotala wamasula nsalu yomwe ndakhala ndikumanga ndekha pa chala chachikulu cha phazi lamanzere kwa milungu itatu, wayang'ana chilonda, kenako wandiyang'ana ine. Anafunsa kuti ndinkadikira chiyani. Ndinati ndinali ndi ntchito. 

Dripi, insulini, jakisoni wopha tizilombo katatu pa tsiku. Kope ili wandigulira mng'ono wanga kuti ndizilembamo manambala a shuga. Ndizilembamonso zina, poti tsiku la m'chipatala ndi lalitali.

Lachiwiri, 4 Marichi

Shuga 19 m'mawa, 21 masana. Kutsuka chilonda kunawawa mpaka m'mano.

Ndilembe za ntchito yomwe yandifikitsa pano. Ndagwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ku nyumba yosungira zinthu zakale, ndikulemba timawu ta pansi pa zinthu za anthu ena. Disembala ndikupuma. M'zaka zisanu ndi chimodzi zapitazi ndakhala ndikulemba nkhani imodzi yanga, ya zithunzi za pa makoma a holo ya antchito a fakitale yakale ya nsalu. Anazijambula bambo wina yemwe aliyense ankangomutcha Ajambuli. Anamwalira kalekale. Holoyo aigwetsa mu Meyi.

Nkhaniyo ndinaitumiza ku magazini ya pa intaneti ya mbiri ya zojambulajambula. Akukonza kope lapadera la zithunzi za pa makoma. Ounika awiri anaiwerenga osadziwa dzina langa, ndipo mkonzi anandilembera kuti aitenga ndikakonza zomwe anena. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu pa 21. Chofunika: kuyankha ounika, kudula mawu 800, kufupikitsa chidule, kukonza mawu a pansi pa zithunzi khumi ndi zinayi, ndi fomu ya chilolezo yosainidwa ndi a kubanja kwa wojambula.

Mng'ono wanga wakana kubweretsa laputopu. Abweretsa mawa. Ndimamudziwa.

Lachitatu, 5 Marichi

Shuga 17. Ekisirei ya phazi. Ananditengera pa njinga ya odwala, ndinadikira pakhonde maola awiri.

Laputopu yabwera, pamodzi ndi mazira awiri owiritsa ndi tiyi wopanda shuga yemwe akukoma ngati chilango. Soketi m'wodi muno ndi imodzi, ili kuseri kwa bedi la mnzanga wa kumanja. Ndi telala, anathyoka ntchafu atagwa pa njinga yamoto, mwendo wake auimika ndi chingwe ndi chitsulo. Wodi yonse imawatcha Atelala. Akuti yunifolomu za manesi anasoka ndi munthu wokwiya. Andilola kutchaja bola ndiwaonetse zithunzi.

Wounika woyamba ndi waulemu, akungofuna masiku ndi masamba a mabuku. Wachiwiri walemba masamba atatu. Funso lake lalikulu: bwanji anthu a m'mwamba mwa makoma akusiyana ndi a m'munsi? Nkhope za m'mwamba n'zofewa, manja ake ali ndi mafupa. A m'munsi aima ngati asilikali. Ine m'nkhani ndinati Ajambuli anayambira pansi n'kumakhwima luso akamakwera. Wounika akuti umboni wake uli kuti.

Lachinayi, 6 Marichi

Shuga 18. Maso akuchita chifunga, zilembo zikusambira. Nesi akuti ndi shuga yemweyo, zidzasintha akatsika.

Mng'ono wanga wandiwerengera ndime zoti ndidule. Amagulitsa zitsulo za njinga, alibe chisoni ndi mawu. Akafika pa chiganizo chachitali amangoti, "Achemwali, apa mukutanthauza chiyani?" Ndikamuuza, amati ndiye bwanji simunalembe choncho. Tadula mawu 310.

Atelala anatenga nthawi pa chithunzi chachisanu ndi chinayi, cha amayi atatu atanyamula mpukutu wa nsalu. Anachikulitsa ndi zala n'kunena kuti amene anajambula diresi imeneyo anagwirapo singano, chifukwa mapindiro a m'chiuno ali pomwe amayenera kukhala. Ndinati Ajambuli ankagwira ntchito pa fakitale ya nsalu, ankaona. Anati kuona n'kwina.

Netiweki imagwira kumapeto kwa khonde kokha, pafupi ndi masitepe.

Lachisanu, 7 Marichi

Shuga 15. Zotsatira za ekisirei: matenda afika pa fupa la chala. Dokotala akuti tiyese mankhwala amphamvu sabata imodzi. Akapanda kugwira, chalacho achotsa kuti apulumutse phazi. Ananena mofatsa, akulemba mu faelo.

Ndinamufunsa ngati nditakhale nditatuluka pofika pa 21. Anati ndiganize za phazi.

Sindinagwire laputopu.

Lamulungu, 9 Marichi

Shuga 14. Tsiku la alendo, wodi yadzaza ngati basi. Anzanga awiri a kuntchito anabwera ndi malalanje ndi botolo la zakumwa zotsekemera. Nesi analanda botolo. Anzangawo anandiuza kuti ndikuoneka bwino, ndiye ndadziwa mmene ndikuonekera.

Ndapatsa mng'ono wanga fomu ya chilolezo ndi adiresi ya mwana wa Ajambuli. Ndi mayi wamkulu ndithu, amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Ndinakumana naye kamodzi zaka zinayi zapitazo, ndinapita kwawo kukajambula maburashi ndi zitini za penti za bambo ake. Kusaina ndi nkhani ya mphindi imodzi.

Lolemba, 10 Marichi

Shuga 16. Asintha malo a dripi, mtsempha wa dzanja lamanja watupa.

Fomu yabwerera yosasaina. Mwana wa Ajambuli akuti sangasaine chinthu chomwe sanawerenge. Mng'ono wanga wakwiya, akuti mayiyo anamuyankhira pa zenera la galimoto osazimitsa n'komwe injini. Ine ndaona kuti akunena zoona. Mng'ono wanga anandikankha pa njinga ya odwala mpaka pa masitepe, ndamutumizira mayiyo nkhani yonse. Inatenga mphindi makumi awiri kuti ipite.

Chidule chatsika kufika pa mawu 200. Ndinawerenga kanayi ndi chala.

Lachitatu, 12 Marichi

Thupi latentha, 38.9. Shuga 20. Chilonda chikununkha, ndikuchimva ndekha. Atenga magazi. Dzulo sindinalembe. Ndatopa.

Lachinayi, 13 Marichi

Kutentha 38.1. Shuga 17.

Mwana wa Ajambuli wabwera nthawi ya alendo ya masana. Sanabwere ndi chakudya. Anali ndi nkhani yanga yosindikiza, masamba opindidwa m'makona, ndi jumbo ya pulasitiki. Anandifunsa za phazi mwaulemu, n'kukhala pa mpando wa mng'ono wanga. Anati nkhaniyo waiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko anawawerengera amayi ake mokweza.

Ndinati sindinkadziwa kuti amayi akadali moyo.

"Ali moyo. Ndi omwe anakupatsani tiyi tsiku lija. Munawafunsa komwe bambo ankasunga maburashi, anakulozerani, munathokoza."

Anatsegula jumbo. Munali makope atatu a sukulu, zikuto zothetheka. Tsamba lililonse nkhope, manja, mapindiro a nsalu, zojambula ndi pensulo. Amayi atatu a mpukutu wa nsalu alimo kasanu, mayimidwe osiyanasiyana. M'mphepete muli miyeso ya khoma ndi mndandanda wa penti, m'zilembo zomwe si za Ajambuli. Zilembo za Ajambuli ndimazidziwa kuposa zanga.

Anati amayi ake ankagwira ntchito m'chipinda chojambulira maluwa a pa nsalu pa fakitale yomweyo. Ntchito ya holo anapatsidwa bambo, dzina pa khoma ndi la bambo, koma ankapita awiri Loweruka ndi Lamulungu lililonse kwa zaka ziwiri, iye ali kamwana akusewera ndi zivindikiro za zitini. Sanakweze mawu. Anati sasaina pepala lonena kuti bambo ake anajambula zonse. Makopewo anandilola kuwajambula ndi foni, n'kubwerera nawo.

Atelala anamva zonsezo. Anangopempha nesi kuti awatembenuzire pilo.

Lachisanu, 14 Marichi

Shuga 15. Dokotala wabwera ndi mnzake wa opaleshoni. Mankhwala sanagwire. Lolemba m'mawa achotsa chala. Ndasaina fomu yawo osawerenga bwino.

Ndatsegula zolemba zanga zonse za zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinacheza ndi anthu khumi ndi asanu ndi awiri: akapitawo akale, mlonda wa holo, mnzake wa Ajambuli wa pa bawo, wogulitsa penti. Amuna okhaokha kupatula mlembi mmodzi. Ndafufuza mawu oti "mkazi wake". Atuluka kawiri. Koyamba ndinalemba kuti anatipatsa tiyi. Kachiwiri ndi mawu a mlonda, akuti mkazi wake ankabwera kudzathandiza. Pambali pake ndinalemba ndekha kuti "kubweretsa chakudya?" ndipo sindinabwererenso kukafunsa.

Wounika wachiwiri sanalowepo m'holo imeneyo. Anaona pa zithunzi khumi ndi zinayi zomwe ine sindinaone nditaima pansi pa khomalo kambirimbiri.

Loweruka, 15 Marichi

Shuga 13, wotsika kuposa masiku onse. Sizikundisangalatsa.

Takangana ndi mng'ono wanga, motsitsa mawu chifukwa cha anthu. Iye akuti ndiwonjezere chiganizo chimodzi chonena kuti mkazi wa Ajambuli ankawathandiza, mayi uja asaine, nditumize, ndichire. Akuti nkhani imeneyi yandidya chala, isandidyenso Disembala wanga. Akuti mayi wokalambayo wakhala chete zaka makumi anayi, angalephere bwanji kukhala chete mpaka kope lituluke.

Ndinamuuza kuti si chiganizo chimodzi. Mutu wa nkhani uli ndi dzina la munthu mmodzi. Gawo lachitatu lonse likufotokoza mmene dzanja la munthu mmodziyo linakhwimira. Ndikachotsa zimenezo patsala miyeso ya makoma ndi mbiri ya fakitale.

Anati, "Ndiye mufuna mupume pa ntchito opanda kalikonse kolembedwa dzina lanu?"

 Anandisendera lalanje theka, theka linalo anapatsa Atelala, n'kupita osatsanzika bwino.

Zoona zake n'zakuti ndinayesa. Atachoka ndinalemba chiganizo chakecho, ndinachiika pa tsamba lachinayi. Chinakwana bwinobwino. Ndinachiyang'ana mpaka batire inatha.

Lamulungu, 16 Marichi

Shuga 12. Osadya kanthu kuyambira madzulo. Nesi wajambula muvi pa mwendo wamanzere ndi cholembera chakuda kuti asalakwitse phazi. Mng'ono wanga wabwera m'mawa ngati sitinakangane. Wandiluka tsitsi.

Lachiwiri, 18 Marichi

Anachotsa dzulo, cha m'ma 10. Anandibaya pamsana, ndinali maso, ndinkamva akukambirana za mpira. Chala ndi kachidutswa ka fupa la kumbuyo kwake. Dokotala akuti zotsalazo n'zoyera.

Kusanza. Mutu. Shuga 14. Chala chomwe kulibe chikuyabwa.

Lachitatu, 19 Marichi

Shuga 11. Kutentha kwatsika, 37.2. Asintha bandeji, sindinayang'ane.

Ndachotsa chiganizo chija. Ndalembera mkonzi. Kalatayo inanditengera m'mawa wonse ngakhale ili ndi mizere isanu ndi itatu. Ndanena kuti ndili m'chipatala koma chifukwa si chimenecho. Ndanena kuti wounika wachiwiri anafunsa funso loyenera, yankho langa linali lolakwa, ojambula anali awiri ndipo mmodzi ali moyo. Ndapempha miyezi iwiri. Ndaphatikiza masamba atatu a m'makope aja.

Mng'ono wanga ndiye anandikankha kupita ku masitepe. Ndisanadine anandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinati ayi, n'kudina.

Lachinayi, 20 Marichi

Shuga 10. Wa zolimbitsa thupi wandiimiritsa ndi ndodo ziwiri. Masitepe asanu ndi limodzi kupita, asanu ndi limodzi kubwera, thukuta ngati ndalima.

Mkonzi wayankha. Ndi munthu wabwino, koma kope lapadera silingadikire, olemba ena asanu ndi anayi anamaliza kale. Akuti nkhani yokonzedwayo ndidzaitumize ngati yatsopano, kudzera pa tsamba lawo lomwe lija, ndichotsenso dzina langa, ipitenso kwa ounika. Akaivomera ingatuluke chaka chamawa chakumapeto. Salonjeza. Wafunsa ngati angauze wounika wachiwiri. Ndati amuuze, asangalaleko munthu mmodzi.

Chaka chamawa holo kudzakhala kulibe, ofesi yanga mudzakhala munthu wina. Ndinalira pang'ono, nesi anaganiza kuti ndi phazi, anandipatsa mapiritsi awiri. Ndinamwa.

Lachisanu, 21 Marichi

Shuga 9. Lero ndiye linali tsiku. Ladutsa ngati masiku ena: phala, jakisoni, madokotala, mopu.

Atelala awachotsa chitsulo, awaika pulasitala, apita kwawo. Amuna awo anabwera ndi diresi yoti avale, iwo anaikana kuti ndi ya ku maliro. Ponditsanzika anandiyeza ndi maso n'kunena kuti ndataya mainchesi atatu m'chiuno, ndikatuluka ndiwapititsire masiketi. Pa bedi lawo abweretsa mtsikana wa apendikisi yemwe amangogona. Soketi tsopano ndi yanga, ndilibe chotchaja mwachangu.

Ndatumiza uthenga kwa mwana wa Ajambuli kumuuza zomwe ndachita. Wangoyankha kuti wamva.

Lamulungu, 23 Marichi

Shuga 9. Chilonda chauma m'mbali, akutero nesi.

Abwera mkazi wa Ajambuli. Mwana wawo anawakankha pa njinga ya odwala yobwereka pakhomo la chipatala, poti mawondo awo salola makonde ataliatali. Ndi mayi wamng'ono thupi, wa zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi, magalasi okhuthala. Ndinafuna kudzuka, anandiletsa ndi dzanja. Anayang'ana bandeji n'kundifunsa ngati ndikadathirabe masupuni atatu mu tiyi. Mng'ono wanga anaseka mpaka anatuluka panja.

Ndinayamba kupepesa. Anandidula, anati sanabwere kudzamva zimenezo, mpando wobwerekawo akuufuna pofika 3 koloko. Anapempha masamba a zithunzi ndi pensulo.

Anayenda chithunzi chimodzichimodzi, nkhope pafupi ndi pepala. Pa chomwe anajambula iwo amaika kamtanda, pa zina amadutsa. Pa chachinayi anajambula mzere pakati n'kunena kuti miyendo ndi ya bambo, kuyambira m'chiuno ndi iwo. Ndinafunsa kuti ankagawana bwanji, poganiza kuti andiuza za luso, wina nkhope wina makina.

"Bambo ake awa ankaopa makwerero. Akakwera masitepe atatu miyendo imanjenjemera. Ndiye chilichonse chopitirira pamwamba pa chitseko ndi changa. Iwo amandigwirira makwerero."

Mwana wawo anati zimenezo ngakhale iye sankazidziwa.

Ndinafunsa chifukwa chake sananene. Anati nthawi imeneyo akuluakulu a fakitale akanamva kuti mkazi ndiye akukwera pa khoma lawo, ntchitoyo akanaipereka kwa wina. Pambuyo pake bambo anayamba kutchedwa Ajambuli, zinkawasangalatsa, ndipo anali munthu wabwino. Atamwalira panalibe amene anafunsa. Kenako anandigwira pa mkono pomwe panali dripi, mwamphamvu ndithu.

"Koma musakawachotse. Mukalembe awiri. Makina onse aja ndi awo, ine makina sindinkawatha. Ndipo munthu wogwira makwerero zaka ziwiri osawasiya ndi kamodzi komwe, ameneyo wajambula nawo."

Fomu sanasaine. Akuti adzasaina akadzamva nkhani yatsopanoyo kuyambira mutu mpaka kumapeto, ndipo ndidzawawerengere ndine, chifukwa mwana wawo amawerenga ngati akuthamangitsidwa.

Atapita ndinawerenga timitanda. Zisanu ndi zinayi ndi theka mwa khumi ndi zinayi.

Lachiwiri, 25 Marichi

Shuga 8. Dokotala akuti Lachinayi ndituluka. Insulini kawiri pa tsiku, ndizidzibaya ndekha, nesi wandiphunzitsa pa lalanje. Kutsuka chilonda masiku atatu alionse. Nsapato yapadera. Osaponda phazi kwa milungu inayi, osayenda mtunda kwa isanu ndi umodzi.

Ndawerengera pa kalendala ya foni. Milungu isanu ndi umodzi ikuthera sabata yoyamba ya Meyi. Mwana wa Ajambuli wafunsa kwa omwe agula malowo, akuti makina ogwetsera afika pakati pa mwezi. Amayi ake akufuna akalowemo komaliza, akandionetse pomwe anayambira ndi pomwe penti inawathera n'kusakaniza ina. Sanapondemo chimwalirire amuna awo. Zithunzi za m'mwamba ziyeneranso kujambulidwa bwino, chapafupi, poti zanga zonse ndinajambula nditaima pansi.

Ndinauza mng'ono wanga kuti pakufunika munthu wokwera ndi kamera. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana phazi langa, n'kupumira m'mwamba. Anati makwerero a ku shopu kwake ndi aafupi, akabwereka aatali kwa wokonza magetsi. Anati akwera yekha, koma ine ndi agogo aja tikakhale pa mipando, tisakayerekeze kumugwirira.

Ndatsegula faelo yatsopano. Ndalemba mutu, uli ndi mayina awiri. Pansi pake palibe kanthu. Mawu 7,000 akudikira, ndipo maso ayambanso chifunga. Nesi wafika ndi thireyi ya mabandeji, akuti nditseke makinawo nditambasule mwendo.